Fowilo Yokana Mvula Ikagwa

Pagalaja ponse ankawatchula kuti a Tesita, chifukwa kanyali koyezera moto m'mawaya, kamene amati tesita, sikankachoka m'thumba la ovolosi yawo. Anali atagwira zamagetsi a galimoto zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ana anayi anawaphunzitsa sukulu ndi kanyali komweko. Anali munthu wouma mutu, wosafuna kuuzidwa ntchito, koma tisawanamizire, ntchitoyo ankaidziwadi. Amakaniko a injini akazunguzika ndi galimoto ankangopukuta manja n'kunena kuti, "Iyi ndi ya madala."

Chimene pagalaja sankadziwa n'chakuti maso a madalawo anali atayamba ng'ala. Chofiira ankachiona, chachikasu ankachiona, koma chakuda ndi chabulauni zinali zitasanduka mtundu umodzi. Ankadziwa ndi akazi awo okha, amene m'mawa uliwonse ankawasankhira masokosi n'kumati, "Bambo, pitani kuchipatala, mudzawotcha galimoto ya eni." Iwo ankayankha kuti mawa, ndipo mawa limenelo linatha chaka. Ankaopa. Wamagetsi wosasiyanitsa mawaya, ndani angamusiyire galimoto yake?

Lachinayi lina kunabwera pikapu ya mayi wina wogulitsa matabwa, kachitatu mwezi umodzi. Vuto linali fowilo, ija imapangitsa kuti mateyala onse anayi azikoka. Dalaivala wake, bambo wamtali wosayankhulayankhula, ankati akafika pachitunda chamatope chopita kocheka matabwa n'kudina batani la fowilo, kanyali ka padashibodi kankangophethira, mateyala akutsogolo osagwira. Sabata yathayo galimoto inali itabwerera chambuyo ndi katundu yense, mwayi n'kuti inakatsamira chitsa. Koma ikangofika pagalaja, fowilo inkalowa bwinobwino ngati ilibe mlandu. Mwini galaja anali atailumikiza kale kukompyuta yake, n'kusintha kamota ka pansi pa giyabokosi kamene kamalowetsa fowiloyo, koma palibe chinasintha.

"Ine ndatopa," anatero mayi wamatabwa. "Pofika folo koloko mundiuze chimodzi. Ngati ndi galimoto, ikonzeni. Ngati ilibe vuto, ndiye kuti bambowa satha kuyendetsa ndipo akundinamiza. Makiyi asiya pompano."

Dalaivala anangoyang'ana nsapato zake. Mwini galaja anakodola a Tesita.

Anayamba ndi zazing'ono, monga mwa chizolowezi chawo. Anazula mafyuzi imodziimodzi, zonse zinali zamoyo. Rileyi ya fowilo, kabokosi kotsegula ndi kutseka moto, anaisinthanitsa ndi ya hutala, hutala inalira. Batire inali ndi moto wokwanira. Kenako anatsikira m'dzenje, galimoto ili pamwamba pawo, n'kuyamba kupapasa mawaya ndi zala, chifukwa masiku ano zala ndi zimene zinkawaonera.

"Dinani," anauza dalaivala.

Kamota kanalira, fowilo n'kulowa. Anabwereza kakhumi, ndipo kakhumi konse inalowa. Mayi wamatabwa, amene anakhala pampando wakale wa galimoto pafupi ndi khomo, anatsonya.

"Kodi imakana liti kwenikweni?" anafunsa a Tesita ali m'dzenjemo.

"Mvula ikamagwa, madala."

Anaitanitsa paipi ya madzi. Anathira pulagi iliyonse ya pansipo mpaka iwo eni ananyowa mpaka m'makutu. Fowilo inalowa yonyowa monga inalowera youma. Nthawi inali itakwana fili koloko, ndipo dalaivala anali atasiya kuyang'ana aliyense.

A Tesita anatulutsa mutu pakati pa teyala ndi mphepete mwa dzenje. "Achimwene, iwalani galimoto. Ndiuzeni za inuyo. Mvula ikayamba mumatani? Nenani zonse, ngakhale kukanda m'mutu."

"Ndimatseka mawindo. Ndimayatsa mawaipa." Anaganiza pang'ono. "Kumtunda kuja kumachita chifunga, ndiye ndimayatsanso nyali zapadenga zija."

"Yatsani nyalizo, mudine."

Kamota kanayamba kulira n'kusiyira panjira. Padashibodi kanyali kanayamba kuphethira.

"Ndi zimenezi, mayi," anatero dalaivala. "Bwerani muone nokha. Ndi zimenezi."

Mayi wamatabwa ananyamuka, mwini galaja naye anasendera. Onse anali pamwamba, akuona kanyali. M'dzenje muja a Tesita anakumbukira kuti nyali zapadengazo anaika ndi iwo, miyezi itatu yapitayo.

Anatsata waya wa nyalizo ndi zala, kuchokera kuinjini, kudutsa m'mbali mwa chasisi, chitsulo chachikulu cha pansi pa galimoto, mpaka pamene unalowa mumtolo wa mawaya a giyabokosi. Pamenepo panali polumikiza. Tepi yake inali yokulungidwa mothina, nsonga yake itapindidwa ngati kakhutu kuti mmisiri wina adzapeze pogwira pomatula. Munthu wopinda tepi choncho ankamudziwa mmodzi yekha: iwo eni. Anamatula, n'kuyeza ndi kanyali kawo. Tsiku loika nyali lija ankafuna waya wakuda, wa efi, umene umabweza moto kuchitsulo cha galimoto. Anagwira wina, umene umauza kompyuta ya galimoto ngati fowilo yalowa kapena ayi. Nyali zikayaka, moto unkalowa kumeneko n'kuisokoneza. Kuyeza kukanawatengera kamphindi chabe, koma anali pachangu, ndipo matama anawauza kuti waya wakuda safuna kuyeza.

"Mwapeza chiyani, madala?" anafunsa mwini galaja.

Yankho linalipo, lokonzeka kale pakamwa: khoswe wadya waya. Pagalaja khoswe amasenza milandu yambiri, ndipo sabwera kudzakana. Akanadula, kulumikiza pena, kukulunga, dalaivala n'kupulumuka, iwonso n'kupulumuka. Pulaya inali kale m'manja.

Koma mutu unayamba kuwawerengera magalimoto ena. Minibasi yonyamula ana asukulu, imene anaikonza nyali za mabuleki. Lole ya njerwa. Kagalimoto ka mphunzitsi uja, kamene anakachotsa mawaya onse a pansi pa chiwongolero n'kuwabwezera. Monsemo munali mawaya akuda ndi abulauni, ndipo sankatha kukumbukira kuti anayeza ati, anangokhulupirira maso pa ati. Pikapu iyi inapeza chitsa. Nanga minibasi ija idzapeza chiyani?

"Bwana, tatsikani," anatero.

Mwini galaja anatsika masitepe a dzenje, akusamala malaya ake. A Tesita anawalitsa tochi pawaya uja.

"Waya uwu ndi wamtundu wanji?"

"Wabulauni. Bwanji?"

"Nanga uwu?"

"Wakuda. Madala, mukundiyesa mayeso?"

"Ine ndikuona akuda onse awiri."

Mwini galaja anayang'ana mawaya, anayang'ana tepi yopindidwa ija, kenako anayang'ana a Tesita m'maso kwa nthawi yaitali, mwina koyamba chaka chimenecho.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha. Mayi," anakweza mawu kuti amveke pamwamba, "dalaivala wanu sanakunamizeni. Wolakwa ndine. Ndinalumikiza molakwika poika nyali." Anatembenukiranso kwa mwini galaja. "Ndikutchulirani magalimoto onse amene ndagwira. Muyambe kuitanitsa minibasi ya ana, lero lomwe."

Kenako a Tesita anamva pamwamba mayi wamatabwa akuuza dalaivala motsitsa mawu kuti, "Pepani, bambo."

A Tesita anakweza pulaya kuti adule polumikiza paja, amalize zimene anayamba. Mwini galaja anawagwira dzanja, osati mwaukali, n'kutenga pulayayo.

"Isiyeni, ndimaliza ndekha. Mawa mupite kuchipatala. Mukabwerako tidzaona, koma pakadali pano waya musagwire."

Anatuluka m'dzenje pang'onopang'ono, ovolosi ikudontha madzi. Amakaniko a injini, amene anamva zonse, aliyense anapeza choti aziyang'ana m'boneti. A Tesita anakhala pabenchi, manja ali pamaondo, n'kuyamba kutchula magalimoto aja imodziimodzi kuti mwini galaja amve ali pansipo. Atafika pa yachisanu ndi chiwiri anapukuta madzi kumaso, n'kupitiriza.