Njinga ya Mayi Namathanga

Yunivesite ina ya kunja itaganiza zotsegula malo ophunzirira ku Migowi, inatisankha anthu angapo kuti tikonze dongosolo la zaka zikubwerazi komanso tisankhe ophunzira oyamba. Ine, mphunzitsi wa kusekondale, ndinali mlembi. Wapampando anali Mayi Namathanga, omwe mwana wawo Esitere analembetsa nawo kuti apeze malo.

Tsiku lina ndinaona njinga yawo itatsamira khoma la nyumba yogona alendo ku Boma, kumene kunafikira mkulu wa yunivesiteyo. Mtima unangoti apita kukanong'oneza za mwana. Sindinawafunse. Ndinangouza anzanga awiri, iwonso n'kuuza ena, ndipo pofika tsiku la msonkhano aliyense ankawayang'ana cham'mbali.

Ndinaimirira n'kukhosomola kaye. "Amayi, tatiuzani, ku Boma kuja munkakatani?"

"Ndinakachotsa dzina la Esitere, aphunzitsi," anayankha osakweza mawu. "Sindingakhale wapampando uku mwana wanga akupikisana nawo. Walira mpaka maso kutupa, ndipo sakundiyankhula. Komano inuyo munandiona muli pati?"

Ndinati ndinkadutsa popita kuchipatala. Linali bodza. Ndinali kuseri kwa galimoto ya mkulu wa yunivesite uja, ndikuchonderera dalaivala kuti akatchuleko dzina la mwana wa mchemwali wanga kwa abwana ake. Ndinamuguliranso zoziziritsa kukhosi.

Mayi Namathanga anandithokoza pamaso pa onse chifukwa chokhala tcheru, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinawerama pang'ono n'kulandira ulemuwo. Koma mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati dalaivala uja anawauza.