Ndinamatitsa mano a mwana wanga alamu atakana

Inu owerenga, m'kamwa mwanga muno ndi m'mabwinja, ndipo wogumula ndine ndemwe. Ndine msodzi wa ku Chilwa, dera la kwa Mwambo. Paunyamata wanga mpeni sindinkaudziwa. Ulusi wa ukonde ndinkadula ndi mano, botolo ndinkatsegula ndi mano, nzimbe ndiye osanena. Mswachi ndinkati ndi wa anthu a m'tauni.

Chaka china kusukulu ya mwana wanga wamkazi kunabwera madokotala a mano. Ankamata mano otafunira a ana ndi kamankhwala koyera kotseka timing'alu tomwe timasunga zakudya, kuti mano asabooke. M'mudzi munabuka mphekesera yoti mwana womatidwa sadzabereka. Mchimwene wa mkazi wanga, mwini mbumba, anakanitsitsa.

"Alamu, inu ndinu mkamwini pano. Mukamutengera mwanayu kumeneko, mulongedze," anatero.

Ndinaganiza zoti ndiyambe ndine kumatidwa, kuti ngati ndi chiphe, chiphe ine. Ndinakaima pamzere wa ana, chimunthu chandevu, iwo akufa nazo kuseka. Dokotala, mayi wodekha, anasuzumira m'kamwa mwanga n'kupukusa mutu.

"Bambo, akuluakulu timawamatanso, koma dzino likhale lisanabooke. Anuwa tachedwa nawo. A mwana wanu angomera kumene, nthawi yake ndi ino."

Kunena zoona, zinandiwawa. Nditabwerera kunyumba, mkazi wanga anangoti, "Pitani naye, za achimwene tiziona." Ndinamukweza mwana panjinga, ndipo dokotala uja anamumata, iye osalira n'komwe. Alamu atamva anandilanda dimba la mpunga, ndipo dzinja lonselo ndinagona kudoko ngati wopanda kwawo. Sindinapepese.

Lero mwana uja ndi mayi. Tsiku limene anabwera kudzationetsa khanda lake, anakhala pakhonde n'kumasenda nzimbe ndi mano ake omwewo, oyera, osaperewera ngakhale limodzi. Ankatiduliramo tizidutswa, ine ndi alamu, poti tonse awiri timatafunira nkhama. Alamu anayang'ana khandalo, anayang'ana mano aja, kenako anandifunsa chapansipansi ngati madokotala aja amabwerabe. Mtima wanga unadzaza, sindikubisirani.

Inu owerenga, mmera mpoyamba. Mano anga ndinawataya ndekha ndipo sadzameranso. Mwana wanu akangomera otafunira, pitani naye akamuone, ndipo mphekesera mukazifunse kwa odziwa. Dimba lija linabwerera m'manja mwanga, koma dzino silibwerera.