Njerwa za a Fakiri

A Fakiri anali dalaivala wa matola pakati pa Benga ndi boma la Nkhotakota. Galimoto yawo inali yakale, yotseguka kumbuyo, ndipo amayi ogulitsa usipa ndi mpunga ankaizindikira ndi kulira kwake ikadali kutali.

Matipate atabwera, kwacha inagwa, mafuta nkuyamba kukwera osaleka. Pa wailesi ankati mbali ina ya mtengowo ndi msonkho wokonzera misewu. A Fakiri anakhulupirira. Anzawo akamadandaula potuluka mumzikiti Lachisanu, iwo ankangoti, "Tipirire abale, phula latsopano likubwera."

Phulalo silinaoneke, maenje okha ndiwo ankakula. Akati akweze mtengo wokwerera, amayi aja ankalalata kuti, "Nanunso a Fakiri mwayamba kutidya?" Choncho pamtsetse ankazimitsa injini kuti mafuta atsaleko, matayala nkumayenda mpaka kuoneka mawaya.

Nthawi yomweyo sukulu inakhala yaulere. Ana anachuluka mwakuti mwana wamkazi wa a Fakiri, Fauzia, ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Mvula ikangochita mdima, aphunzitsi ankawauza kuti aweruke. Komiti ya sukulu inapempha makolo kuti aumbe njerwa, akuti malata ndi simenti zichokera kuboma. A Fakiri anadzipereka kututa njerwazo ulere, masana aliwonse akatsitsa anthu.

Akazi awo, a Kulusumu, sanakondwe nazo. "Bambo a Fauzia, mafuta mukuwotchawa akubwezerani ndani? M'nyumba muno ngakhale palafini tilibe."

"Mwana wanga asamanyowe ine ndili ndi galimoto," anayankha motero.

Tsiku lina mvula itangokata, atasenza njerwa zodzaza, analowa m'dzenje lomwe linabisika ndi madzi. Kunamveka kuti phwa! Galimoto inapendekeka, njerwa zili mbwee mumsewu. A Fakiri sanavulale, koma anakhala pansi m'matope momwemo, manja ali m'mutu.

Dyton, makaniko wa pa Benga, anakwawira kunsi kwa galimotoyo, natuluka akupukusa mutu. "Achimwene, chitsulo chogwira matayala akumbuyo chathyoka. Chimenechi nchokagula ku Lilongwe, ndipo mtengo wake masiku ano sindingakuuzeni, mungadwale."

Galimotoyo a Fakiri anaikokera kunyumba ndi ng'ombe, naikhazika pamiyala. Kusukulu kuja makoma anakwera mpaka m'mawindo, omangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, koma malata osabwera. Dzinja lotsatira khoma limodzi linagwa.

Zitafika povuta, a Fakiri analembetsa ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa, pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo. Ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo, ataonda, zikhatho zili matuza okhaokha. A Kulusumu ankawathira madzi ofunda m'manjamo. Chaka chimenecho Fauzia anasiya sukulu, nayamba kuthandiza mayi ake kugulitsa zitumbuwa pamsika.