Dyna wa mabulosi ndi mapasa ake

Makilo awiri ndi theka: umo ndi momwe Thom ankalemerera tsiku lomwe anabadwa. Mlongo wake Maliya, amene anatuluka pambuyo, sanakwane n'komwe makilo awiri. Anamwino anauza mayi wawo, Dyna wa ku Sadzi, kuti mapasawo aziyamwa bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Madzi ayi, phala ayi.

Dyna anavomera, koma anali ndi msana umodzi. Geni yake inali yokwera phiri m'mamawa kukapikula mabulosi kwa alimi a kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, n'kutsika nawo pamutu kukagulitsa mtauni asanafote. Amuna ake, a Gilson, anapita ku Mozambique kukacheka matabwa ndipo ankangotumiza moni. Ana atakwanitsa miyezi iwiri ufa unatha m'nyumba, Dyna n'kutolanso dengu lake.

Anasankha kubereka Maliya poti anali wofooka. Thom, wojintcha uja, ankamusiya kwa achemwali ake, a Pauline.

"Iwe Dyna, uyutu ndi mwamuna," anatero a Pauline akumuvinitsa pamwendo. "Mwamuna anakhutapo bere? Taona kamimba aka, kakufuna phala."

"Achemwali, kuchipatala anakaniza."

"Akuchipatalawo amakhalapo akamalira masana? Anga anayi ndinawalera ndi phala, si awo akuthyola mango a eni?"

Maliya ankayamwa paliponse: pamwala wa m'njira, pamthunzi wa mtengo wa paini, pamsika makasitomala akunenerera mtengo. Koma ankayamwa bere lakumanzere lokha. Lakumanja Dyna ankasungira Thom, ndipo pofika madzulo linkakhala litatupa ngati papaya. Akangolowa pakhomo, a Pauline ankamugwira mkono. Ankati mkaka woyenda padzuwa tsiku lonse ndi wosasa, umatsegula m'mimba mwana amene sanayende nawo. Choncho Dyna ankapita kuseri kwa bafa kukaufinyira pansi, akumva Thom akulira m'nyumba. Pomaliza kusamba ankamupeza atagona, atakhuta phala ndi madzi a pachitsime.

Ku sikelo muvi wa Maliya unayamba kukwera mwezi ndi mwezi. Wa Thom unaima, kenako unabwerera pansi. Mvula yoyamba itagwa Thom anatsegula m'mimba, liwombo linalowa, maso n'kugwera mkati. Uthenga utamupeza ku geni, Dyna anakamutenga n'kuthamanga naye kuchipatala dengu atalisiya pamsewu, koma anafika mochedwa.

Pobwera kumanda a Pauline anakhala pakhonde atagwira kapu yofiira yomwe ankamwetsera Thom.

"Ndinkangofuna azikhuta, Dyna."

"Ndikudziwa, achemwali."

Sanakangane. Anali atatopa kwambiri.

Bere lakumanja silinadziwe za maliro. Madzulo aliwonse linkadzaza monga mwa kale, n'kunyowetsa bulauzi. Tsiku lina Dyna anaima kuseri kwa bafa kuja, anayang'ana pamalo pomwe dothi linkamwa mkaka wa mwana wake, ndipo anabwerera osafinya. Anakhala pamphasa n'kumupatsa Maliya. Mwanayo anayamwa mpaka kugona, ndipo m'mimba simunatseguke. A Pauline anaona. Kapu ija anakaiika pamwamba pa kabati.

Maliya tsopano ali ndi miyezi isanu ndipo pa sikelo wapitirira pomwe Thom analekera. Lolemba Dyna akweranso phiri, mwana kumsana, dengu pamutu. Lachinayi apita naye ku sikelo, ndipo phala Maliya adzalawa mwezi wamawa, osati mwezi uno.