Pasiwedi munapita nayo, achimwene

Achimwene, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo ndadzuka nditakukwiyirani. Ntchemberezandonda zalowa m'chimanga kuno ku Chikweo. M'mawa uno amayi awiri a m'kalabu yathu ya alimi anabwera kudzafunsa kasakanizidwe ka mankhwala a nimu aja munkapanga. Zonse munkalemba mu apu ya manotsi pafoni yanu: mbewu yopirira chilala, nthawi yopopera thonje, ndi zithunzi za tizilombo zomwe. Foniyo ili m'kabati, koma pasiwedi munapita nayo kumanda.

Ndikukumbuka tsiku lija tikudikira minibasi pa Ulongwe, inu maso ali pafoni, mukulemba zomwe wogulitsa mbewu wina anakuuzani. Ndinati, "Bwanji osangotumiza pagulu kuti tonse tiziwerenga?" Munaseka n'kuti, "Iyayi chemwali, sizinalongosoke. Ndikamaliza kusanja ndikutumizirani." Zaka zinayi zathunthu muli kusanja, achimwene. Anakuuzani ndani kuti tinkafuna zosanjika bwino? Tikanawerenga ngakhale zosokonekera. Amayi aja ndawauza kuti tingoyesa kuthira phulusa ndi mchenga. Allah akukhululukireni, akupatseni Jannah. Ine kukhululuka kwanga kudikira kaye tione ngati tikolole.