Ngumbi za Mayi Kamanga

"Mukakangotsegula pakamwa panupo, musabwerenso kuno!"

Anali akazi anga, amayi a Tadala, akukuwa ali pakhonde la m'mwamba, buloko yathu yonse ya ku Embakasi ikumvetsera ngakhale palibe wakumva Chichewa. Ndinawayankha ndili pansi kuti munthu sangaweruze mlandu ndi mphuno. Iwo anati ndikayesere.

Nkhani yake ndi iyi. Ife Amalawi a ku Nairobi tili ndi gulupu ya pafoni, ndipo aliyense wochokera ku Lilongwe amalengeza m'menemo makilo amene atsala m'chikwama chake. Mpunga wa kilombero, usipa, ufa woyera, zonse zimadzera m'menemo. Ine anandichotsamo miyezi isanu ndi itatu yapitayo chifukwa ndinauza mkulu wa kwaya zoona zokhudza mawu ake. Kuyambira pamenepo kwathu sikunafike kanthu, ndipo akazi anga amandikumbutsa tsiku lililonse pothira mpunga wa m'sitolo m'mbale.

Ndiye Lachinayi wapampando, a Nkhoma, anandiimbira. Anati pali mlandu wa Amalawi awiri, ndipo pakufunika oweruza asanu amene sanaumvepo. Vuto linali lakuti gulupu yonse yakhala ikuutafuna masabata atatu. Atafufuza anapeza masisitere atatu osalabadira za mafoni, mkulu wina wobedwa foni, ndi ine. Anati ndikakhala bwinobwino mpaka kumapeto andibwezera m'gulupu.

Ndinanyamuka Loweruka 10 koloko nditavala suti yanga ya maliro. Matatu, ndiye kuti minibasi, ya nambala 33 masiku onse ndi mashilingi 80, koma makanga, kondakitala wa kunoko, anati 100 chifukwa kumwamba kwada. Mvula yake inali isanagwe ndi dontho lomwe. Tsiku lina ndikanamuuza kuti andionetse kaye madziwo. Ndinalipira, n'kuluma mano kuyambira pa Mombasa Road mpaka m'tauni, nyimbo zikundigunda m'nthiti ngati ndawalakwira.

M'tauni ndinafika hafu pasiti leveni. Ndinadutsa ogulitsa chipisi ndi chimanga chootcha osacheuka, poopa kudetsa suti, komanso ndimati kwa wapampando sikungasowe chakudya. Pa Odeon ndinakwera basi ya ku Kahawa Sukari, mashilingi 70, n'kukhala pafupi ndi bambo wina wowonda, wa tayi, atakumbatira chitini chokulunga ndi tepi ngati khanda. Foni yake italira ndinamva akuti, "Ayi amayi, ndili m'basi."

Tinapatsana moni. Anali a Mwale a ku Dowa, ogwira ntchito pa ofesi ya mpingo ku South C, ndipo anafika ku Nairobi ine atandichotsa kale. Anati akupita kwa a Nkhoma. Mumtima ndinangoti uyu ndiye mkulu wobedwa foni uja, wagula ina. Zoti ndine woweruza sindinanene, pajatu ndinali nditatseka pakamwa.

Mvula inatipeza pa Pangani. Pofika pa Allsops, Thika Road yonse inali itaima, misewu yake yonseyo ngati malo osungira magalimoto. Wani koloko inakwana tili pomwepo. Mawindo onse anatsekedwa, m'basi munatentha, ndipo chitini chija chinayamba kuyankhula. Fungo limenelo ndingalidziwe ngakhale ndili m'bokosi.

"A Mwale, izi ndi ngumbi."

Anavomera ndi mutu, n'kunena kuti ndi za eni ake. Ndinafunsa ngati eni akewo ndi Amalawi. Anati inde. Ndinati ndiye palibe Mmalawi angamane mnzake ngumbi zisanu pa jamu yotere. Anayang'ana kudenga, anameza malovu, kenako anamatula tepi ija ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, osaing'amba ndi pang'ono pomwe. Ndinasirira luso lake. Zimaoneka kuti si koyamba.

Zinali zokazinga bwino, mchere wake wa munthu wodziwa. Tinagwirizana zisanu zisanu. Pa Roysambu tinagwirizananso khumi khumi. Makanga, yemwe anabwera kudzatiuza kuti mvula yawonjezera mashilingi 30, ananunkhiza n'kuti, "Kumbikumbi! Mzee, nionjeshe." M'Chiswahili chakecho amapempha kulawa ngumbizo. Anati kwawo ku Kakamega amadya zomwezi. Anatapa dzanja lodzaza, za 30 zija osazitchulanso. Mayi wa kutsogolo kwathu, amene poyamba anatseka mphuno ndi mpango, anatembenuka pa Githurai atatambasula mpango womwewo.

Tinatsika hafu pasiti fili. A Mwale anamatanso tepi mwaukhondo, koma poyenda chitini chimalira ngati chisekese. Tinakwera bodaboda imodzi, kabaza wa njinga yamoto, mashilingi 50 aliyense, ine pakati, suti yonse matope.

Kwa a Nkhoma pabalaza panali podzaza. Mipando isanu inali kutsogolo, masisitere atatu atakhala kale, pambali pawo nkhalamba ina imene sindinaionepo. Umo ndi mmene ndinadziwira kuti wobedwa foni si a Mwale. Ine anandilozera mpando wachisanu. A Mwale anawalozera kampando kayekha pakati. Atandiona ndikukhala, nkhope yawo inatuwa.

Wapampando anawerenga mlandu. Mayi Kamanga, nesi, anatumiziridwa ngumbi ndi mayi awo a ku Ntchisi, okalamba, amene anagwira okha pachulu. A Mwale ndiwo ananyamula. Chitini chinafika chili theka, Mayi Kamanga n'kukana kulandira. A Mwale amati sanadyeko, ngumbi zimatitimira zokha ndege ikamagwedezeka. Chitini chinamatidwa kuti oweruza adzaone okha pamene zalekezera.

Kenako a Nkhoma anafunsa ngati pali woweruza amene akudziwana ndi mbali iliyonse kapena anakhudzapo umboni. Masisitere anapukusa mitu. Ine ndinakumbukira amayi a Tadala, n'kuyang'ana pansi. Anatsegula chitini. Munali mchere, timiyendo, ndi ngumbi zoti mwana angawerenge.

"Zatitimiranso m'basi, a Mwale?" anafunsa Mayi Kamanga.

A Mwale anayamba kufotokoza za maenje a mumsewu. Apo ndiye ndinalephera. Ine ndine waukali, koma bodza limandinyansa. Ndinaimirira n'kunena kuti Thika Road ilibe maenje, ngumbizo tadya ife, ine, bamboyu, makanga wa ku Kakamega ndi mayi wina wa mpango. Ndinawonjeza kuti munthu wa nzeru sasungitsa umboni kwa woimbidwa mlandu, ndipo amene anaganiza zimenezo mutu wake ukaonedwe. Anali wapampando.

Sisitere wamkulu anafunsa ngati zinali zokoma. Ndinati kwambiri. Mayi Kamanga analira, osati mokuwa ayi, anangoti mayi awo mawondo atha, chaka chamawa sadzapitanso pachulu. Apo ndinakhala pansi ndekha, wosauzidwa.

Anakambirana kukhitchini mphindi makumi awiri. Chigamulo chinali chakuti sindingaweruze, chifukwa umboni uli m'mimba mwanga. Sindingakhalenso mboni, chifukwa tsopano ndine woimbidwa mlandu wachiwiri. Mlandu anauimitsa kaye kufikira atapeza Mmalawi wina wosaumva. Mlembi anafunsa kuti tsiku latsopano ndidzalidziwa bwanji, popeza masamoni onse amadzera m'gulupu. A Nkhoma anapuma mozama, anatulutsa foni, ndipo m'thumba mwanga munalira. Chakudya sanandipatse.

Pobwerera, mashilingi 200 mpaka ku Embakasi, ndinali ndi nthawi yoganiza. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu ukamva Chichewa m'basi ya ku Nairobi, uyambe wafunsa kuti mnzakoyo akukatani kumene akupitako. Kunyumba ndinangoonetsa foni. Amayi a Tadala anaona dzina langa m'gulupu, n'kunditenthetsera madzi osamba. Zinazo anakazimva okha m'gulupu momwemo.

M'mawa mwake ndinalemba mizere khumi ndi iwiri yonena za kayendetsedwe ka milandu. Ndinaiwerenga kawiri, n'kuifufuta. M'malo mwake ndinapempha Mayi Kamanga nambala ya mayi awo, ndinaimba ku Ntchisi, ndipo ndinadzitchula dzina ndi mfunda womwe, kuti adziwe amene anadya.