Chulu cha Netiweki

Mboni zanga ndi izi: a shehe a pamzikiti wathu, amene sanama, mayi wogulitsa utaka pamphambano, amene amanama pa mtengo pokha, ndi mlamu wanga wa kabaza, amene amanama tsiku lililonse koma pa nkhani iyi anapuma.

Kwathu ku Chowe netiweki inkapezeka malo amodzi, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa mzikiti. Ukakwera, n'kuyang'ana kunyanja, n'kukweza foni ndi dzanja lamanzere, mauthenga a ku Joni ankayoyoka ngati mango. Maukwati ambiri anamangidwa pachulupo, ena anathera pomwepo.

Chaka chimenecho mwana wanga wamkazi anali woyembekezera ku Joni, ndipo anandilonjeza chithunzi cha mdzukulu wanga woyamba akangobadwa. Ndinkakwera chulu m'mawa uliwonse mpaka chiswe chinayamba kundipatsa moni.

Kenako kunabwera a khonsolo ndi galimoto ya chimkuzamawu. Anati boma lathu lonse lidzakhala ndi intaneti yongoyenda mumpweya, kuyambira ku Monkey Bay mpaka kumalire, moti msodzi azidzagulitsa chambo asanachigwire.

"Iyambira pati, bwana?" ndinafunsa.

"Akatswiri ayeza, madala. Apeza kuti pachulu apa mpamene pali pabwino."

Tinawomba m'manja. Ifenso tinali titayeza kale ndi miyendo.

Koma mwala wa maziko a mlongoti wa netiweki sukhala potsetsereka, tenti nayonso imafuna posalala. Thalakitala inabwera, chulu chinagona, netiweki inapita nacho. Tsiku la mwambo, mlendo wolemekezeka anavundukula mwala, anajambulitsa, n'kuyamba kuzunguza foni m'mwamba.

"Kodi kuno mumaimbira pati foni?"

"Mwakhalira pomwepo, bwana," anayankha mayi wa utaka.

Tenti inachoka madzulo omwewo. Mlongoti tinauzidwa kuti uli m'ndondomeko.

Ine ndinayesa makwerero, ndinayesa mtengo wa mango, ndinayesa mapewa a mlamu wanga.

"Alamu, tsikani," anatero. "Mwanayo mudzamuona pa ukwati wake."

Mvula itagwa, chiswe chinabwerera pantchito. Sichinaitanitse msonkhano, sichinavundukule chilichonse. Ife tinangosankha komiti yothamangitsa mbuzi ndi yoyang'anira ngati akatswiri akubweranso. Dzinja loyamba chulu chinameza mwala wa maziko. Dzinja lachiwiri chinakula mpaka kundifika m'khosi.

Lachisanu lina titatuluka mumzikiti ndinakwera, ndinayang'ana kunyanja, ndinakweza dzanja lamanzere. Foni inanjenjemera ngati ili ndi malungo. Zithunzi zonse zimene zinkadikira mumpweya zinatsika pamodzi, motsogozana.

Ndikulumbira, mdzukulu wanga anabadwa, anakhala pansi, anakwawa, anamera mano, ine ndili chiimire ndi mwendo umodzi. Pachithunzi chomaliza anali atavala nsapato.

A shehe anasuzumira pafoni n'kunena kuti mphuno ndi yanga.